Mutu umodzi susenza denga

Pamsika wa Ulongwe, mayi wa khanda kumbuyo ndi dengu la tomato pamutu akangokalipira kamwana komwe kakumukoka chitenje, oweruza sachedwa. “Koma mayi uyu nkhanza!” Oyamba kutero amakhala abambo a pabawo, amene chibadwire sanaberekepo mwana kumsana.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Koma m'midzi yambiri ya kwa Kalembo denga lonse lili pamutu umodzi, ndipo mutuwo wamanga duku. Bambo ali ku Joni. Miyezi yoyamba ankatumiza kangachepe, kenako foni inayamba kungoitana. Agogo athu anthu oterewa ankawatcha matchona; ife timangoti “akusakasaka”, ngati kusintha dzina kumagula ufa.

Tsiku la mayiyu limayambira kumjigo kusanache. Akachoka uko, phala, nkhuni, kumunda, ndiye kusikelo, kumene amamufunsa pagulu chifukwa chake mwana sakukwera. Ayankhe chiyani? Kuno ku Balaka ndi dera louma kale. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, sopo ndi mchere n'kukwera mtengo. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Zonsezi zinathera pamafuwa a munthu mmodzi. Ndiye tikufuna azimwetulira?

Chonyansa kwambiri ndi malangizo. Anankungwi, azibusa, mashehe, onse nyimbo ndi imodzi: banja ndi kupirira. Mayi akati moyo sukumukomera, amamuuza kuti athokoze poti ali ndi ana, ena akuwafuna. Ngati kuti kukonda mwana ndi kutopa sizingagone nyumba imodzi! Bambo akakalipa amati ndi mwini nyumba, mayi akakalipa amati alibe mwambo. Chakomera mbuzi kugunda galu.

Inde, kamwana kaja kalibe mlandu, ndipo mayiyo akakamenya, khofi ndi khofi ngakhale womenyayo atagona ndi njala. Zimenezo palibe akukana.

Koma pachikamwini pathu pano mwana ankakhala wa bwalo lonse: agogo, achemwali, amalume. Lero amalume nawonso ali pamsewu wa M3, kuitanira minibasi za ku Mangochi. Abambo a pabawo aja, m'malo mogamula mlandu, mmodzi akanangodzuka n'kumutula mayiyo dengu lija.