Lois Lane sapezeka pa salaula

Pamsika wa Chawama, mulu uliwonse wa salaula susowa sikipa ya Superman. Ya Lois Lane mudaionapo? Komatu kuyambira 1938 mayiyu ndiye ankathamangira nkhani ndi kope m'manja, pomwe mnzakeyo ankangozemba pantchito kukasintha zovala.

Ngakhale Brenda Starr, mtolankhani watsitsi lofiira uja amene adayamba kutuluka m'nyuzipepala za ku America mu 1940, sanalowe mosavuta. Womujambula, Dalia Messick, ankasaina kuti Dale, kuti akonzi aziyesa ndi mwamuna. Katuniyo idafika mpaka 2011.

Koma zisiyeni za ku America. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ife kuno tidali ndi Lucy Sichone, wa magazi ndi mafupa. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo idakwiya ndi zomwe iye, Fred M'membe ndi Bright Mwape adalemba mu The Post, Sipikala Robinson Nabulyato n'kulamula kuti amangidwe. Abambo awiriwo adakalowa m'ndende. Lucy adabisala, apolisi n'kumusakasaka. Ndiuzeni, wojambula angafunenso nkhani yotani? Mayiyu adamwalira mu 1998, ndipo mwana wa ku Chawama lero dzina lakelo angaliyese la sitolo.

Nanga Chansa Kabwela? Mu 2009, anamwino ali pasitalaka, mayi wina adabereka panja pa chipatala cha UTH, mwana n'kumwalira. Kabwela, mkonzi wa nkhani ku The Post, sadasindikize zithunzi za zimene zidachitikazo ayi. Adazitumiza kwa akuluakulu, kuphatikizapo wachiwiri kwa pulezidenti George Kunda, kuti aone okha. Malipiro ake? Mlandu wofalitsa zolaula! Khothi lidamupeza wosalakwa mu November chaka chomwecho, atakhala kale miyezi akukwera ndi kutsika masitepe a kukhothi.

Tsono onani mkazi amene ojambula athu amakonda. Chitenje m'chiuno, mthiko m'manja, waima pakhomo kudikira bambo wochokera ku shabini. Apo ayi, ali pampopi ndi mnzake, miseche ili mkati. Mwamuseka zaka zingati mayi ameneyu? Nonse mukudziwa kuti nthabwalayo idasukuluka kalekale.

Ojambula inu, pensulo ndi yomweyo. Mulandeni mthikowo, mum'patse kope ndi foni, mum'kweze minibasi ya ku Town, akafunse a khansolo chifukwa chake madzi amatilowerabe m'nyumba dzinja lililonse.