Mphatso ya Mwini Dimba: Mbewu Inde, Koma Yochokera Kuti?

Nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, anthu ogwira ntchito ku Johannesburg, ku Harare kapena ku migodi ya ku Kitwe amayamba kulingalira zimene angatengere abale awo kumudzi. Ngati mbaleyo mtima wake uli pa dimba, yankho limabwera msanga: mbewu. Kuganiza kotero sikolakwika, pakuti palibe chimene chimakondweretsa mlimi wa ndiwo zamasamba ndi zipatso kuposa chomera chimene alibe. Komabe mphatso imeneyi ndiyo yofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa adani ena oopsa a mbewu zathu sanayende okha. Anachita kunyamulidwa ndi anthu.

Nkhani ya kodikodi ndi umboni wokwanira. Kachilombo koyera ngati ufa kameneka, kamene kamapinimbiritsa nsonga za chinangwa, kwawo ndi ku South America. Kanaoneka koyamba mu Africa mu 1973 kufupi ndi Kinshasa ndi Brazzaville, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti kanafika pa mitengo ya chinangwa yobzala. M'zaka za m'ma 1980 kanali katafika m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kwa anthu a ku Nkhata Bay amene nsima yawo ndi kondowole. Panafunika kuti bungwe la IITA liitanitse kamavu kakang'ono kochokera ku Paraguay ndi kukamwaza m'maiko ambiri kuti chinangwa chipulumuke.

Matenda a chisaka cha nthochi anayenda njira yomweyo. Anadziwika m'Malawi m'zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake anasakaza minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, kumene nthochi zinkaphunzitsa ana sukulu. Nsabwe zimene zimafalitsa matendawa zimawatenga pa phando lina kunka pa lina. Koma chimene chimawaolotsa mitsinje ndi malire ndi mphukira yokulungidwa m'thumba pamwamba pa basi. Choipa kwambiri n'chakuti mphukira yodwala ikhoza kuoneka yathanzi tsiku loizula. Mankhwala ake palibe. Phando likagwidwa, chotsala ndi kulizula lonse ndi kuliwononga, ndipo mnansi amene sanalandire mphatso iliyonse naye amalira nawo.

Tsono wopereka achite chiyani? Asiyanitse njere ndi ziwalo za chomera. Mitengo ya chinangwa, mphukira za nthochi, kholowa wa mbatata ndi mbande za malalanje zimatha kunyamula matenda a kholo lake. Zoterezi zisaoloke malire popanda chikalata cha boma chotsimikiza kuti zapimidwa, ndipo ngakhale m'dziko lomwelo ndi bwino kufunsa alangizi kumene kukupezeka mbewu yopanda matenda. Malo ofufuzira zaulimi monga Bvumbwe ndi Chitedze ku Malawi, kapena Mount Makulu ku Zambia, alipo pa ntchito yotereyi. Njere sizinyamula matenda ambiri chotero, ngakhale kuti za nyemba ndi khobwe nazo zimatha kubisa matenda okwinyitsa masamba.

Pa njerepo palinso kusankha. Kapepala konyezimira ka mbewu ya haibridi kamasangalatsa maso, ndipo zokolola zake chaka choyamba sizikhumudwitsa. Koma mlimi akasunga njere zake ndi kubzalanso, mbewu zimatuluka zosiyanasiyana, motero mphatsoyo imamusandutsa kasitomala wa chaka ndi chaka. Tomato wonga Money Maker, kapena Tengeru 97 amene anatulutsidwa ku Tanzania mu 1997, njere zake zimabwerezeka. Zoposa zonse ndi njere za bonongwe, luni, denje, therere ndi maungu a makolo. Ena amaseka, amati ndani angapatse mnzake udzu umene umamera wokha kudzala. Aiwala kuti sunamere wokha paliponse: luni wa masamba aakulu ndi bonongwe wochedwa kuchita maluwa anasankhidwa ndi amayi kwa mibadwo yambiri, ndipo akatha m'mudzi sagulidwa m'sitolo. N'chifukwa chake maiko a SADC anakhazikitsa nkhokwe ya mbewu kufupi ndi Lusaka mu 1989. Komatu nkhokwe ya mufiriji siidyetsa munthu. Mbewu imakhala yotetezeka ikamalimidwa m'madimba ambiri, ndipo apa mawu akuti kupatsa n'kuika amakwaniritsidwa ndithu: amene anagawira mnzake njere adziwa kokapempha chaka chimene zake zafumbwa.

Mankhwala ophera tizilombo asakhale mphatso konse, makamaka otsanulidwa m'botolo la chakumwa lopanda malangizo. Botolo lotero limaopseza ana a m'nyumba kuposa mbozi za m'dimba.

Amene akuopa kulakwitsa agule chipangizo. Kheni yothirira yokhomedwa ndi amisiri a pamsika imaposa ya pulasitiki, chifukwa ikadontha imawotcheredwa, pamene inayo ikang'aluka ndi dzuwa yathera pomwepo. Khasu nalo ndi mphatso yolemekezeka, koma liperekedwe lopanda mpini. Kutalika kwa mpini ndi kupindika kwake amadziwa ndi mwini msana, ndipo mlimi weniweni amakhala ataona kale nthambi imene adzaseme.