Mfuti ya malume sinamangidwe

Malume anga a ku Wenya ali ndi mfuti ya .303, mtundu wa Lee-Enfield womwe asilikali a King's African Rifles ankasenza pa nkhondo. Chiphaso cha ku polisi ali nacho, ndipo ntchito ya mfutiyo ndi kuopseza nguluwe zofukula chinangwa. Ku Nyika, komwe ndi malo otetezedwa kuyambira 1965, sayerekeza n'komwe.

Mbandakucha wina mu Julayi nguluwe inalowa m'munda. Iwo anatchera, n'kukoka chowombera. Mfuti inangoti the! Nguluwe inapitiriza kudya. Pofika kunyumba mlandu unali utagamulidwa kale: wina wamanga mfutiyo. Alenje akale ankati mfuti ikakana kuthengo, kunyumba wina wasempha mwambo, choncho maso anayamba kuponyedwa kwa akazi awo, amene anagona tulo tawo osalakwira munthu.

"Malume, chipolopolo chakanacho mwachitaya?" ndinafunsa.

"Chili m'thumbamu. Ukufuna uchitani iwe?"

Mboni yeniyeni ndi imeneyo. Kuthako kwa chipolopolo kuli kakapu kozungulira komwe kamayatsa wonga kakamenyedwa. Chomenyacho ndi kamsomali kokhala m'kati mwa chitsulo chokokera zipolopolo, chija amati bolt, ndipo sipuling'i ndiyo imakakankha. Mfuti ikakana, yang'anani dzenje lomwe latsala pakakapupo. Likakhala lakuya bwino, mfuti yagwira ntchito yake, chafa ndi chipolopolo. Zipolopolo zambiri za .303 zosungidwa m'midzi n'zachikalekale, ndipo chinyezi cha nkhungu ngati ya ku Misuku chimazipha mwakachetechete zili m'chitini pansi pa bedi. Likakhala losazama, kamsomali kamenya mwaulesi. Pakapanda chizindikiro chilichonse, mwina nsonga yake yathyoka.

Pa chipolopolo cha malume panali kachidindo kosaoneka bwino, ngati ka chikhadabo pa sopo. Titasolola bolt tinapeza phala lakuda: girizi wa njinga yemwe iwo ankapaka mwachikondi chaka ndi chaka, atasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe. Masana girizi wotere amafewa, mfuti n'kulira bwinobwino. Koma kuzizira kwa Julayi kotsika m'mapiri a Mafinga kumamuumitsa, kamsomali n'kumayenda ngati munthu wowoloka dambo. N'chifukwa chake mfutiyo inkakana m'mawa mokhamokha, zomwe kwa malume zinali umboni wa ufiti. Tinatsuka ndi palafini, kupukuta mpaka gwa, n'kudontheza oyilo wopepuka pang'ono chabe.

Zina zopangitsa kamsomali kumenya mofooka n'zodziwika: sipuling'i yotopa, dzimbiri, kapena chogwirira cha bolt chosatsitsidwa mpaka pansi, poti mphamvu ina imathera pochitseka. Pa Lee-Enfield nsonga ya kamsomali imayenera kutuluka kupitirira pang'ono milimita imodzi. Ikaperewera siyatsa, ikapyola imaboola kakapu, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso kwa wowombera. Apa ndiye ndimatsutsana ndi amisiri athu a pansi pa mtengo, aluso pa njinga ndi makasu, amene amati msomali wa mainchesi sikisi akausongola ulowa m'malo. Chitsulo cha msomali n'chofewa, muyeso wake ndi wongoganizira, ndipo diso lomwe lili kumbuyo kwa mfutiyo si lawo.

Chimene chinandiumitsa thupi ndi zomwe malume anachita m'munda muja. Mfuti itangokana, anatsegula bolt nthawi yomweyo, kenako n'kusuzumira kukamwa kwa mpope. Chipolopolo chakale nthawi zina chimachedwa: kakapu kamayaka pang'onopang'ono, wonga n'kudzaphulika pambuyo. Ophunzitsa kuwombera amati mfuti ikakana, ilozeni komweko, muwerenge mpaka 30, ena amati mphindi yathunthu, ndiye mutsegule nkhope ili kumbali. Ndipo ikalira mofooka, musaikemo china musanaone ngati choyambacho sichinatsakamire mumpope.

Malume anamvetsera zonsezi akupukusa mutu. Loweruka lotsatira mfuti inalira, agalu a mudzi wonse n'kuuwa. Akazi awo anapepesedwa ndi chitenje cha ku msika wa pa boma. Koma kachithumwa komwe anamangirira pa lamba wa mfutiyo mlungu womwewo sanakachotse, ndipo akafunsidwa chimene chinachiza mfuti amatchula zonse ziwiri, kuyambira ndi kachithumwako.