Gemu yakale ikabwera mwatsopano, musakhulupirire dzina lokha

Makolo ambiri a lero adakula akusewera magemu. Ena adayambira m'tinyumba ta vidiyo kumsika, kulipira kandalama kuti agwireko PlayStation kwa mphindi zochepa. Mayina ngati Mortal Kombat, Tomb Raider, FIFA ndi PES si achilendo kwa iwo. Choncho mwana akapempha gemu ya dzina lomwelo, kholo limavomera msanga poganiza kuti likuidziwa kale. Koma nthawi zambiri chomwe chatsala pa gemu yakaleyo ndi dzina basi.

Makampani opanga magemu ali ndi chizolowezi choukitsa magemu akale. Amatenga dzina lodziwika n'kuyamba zonse mwatsopano: nkhani yake, zithunzi, kaseweredwe, ngakhalenso njira yopezera ndalama kwa osewera. Eni ake mchitidwewu amautcha reboot. Mortal Kombat, yomwe idatuluka koyamba mu 1992, idaukitsidwa mu 2011 komanso mu 2023. Tomb Raider ya mu 1996 idayambidwanso mu 2013, ndipo Doom ya mu 1993 idabweranso mu 2016. Gemu ya mpira ya PES, ya kampani ya Konami ya ku Japan, idasanduka eFootball mu 2021.

Gwero la zonsezi ndi ndalama. Kupanga gemu yaikulu kumatenga zaka zingapo ndi antchito mazanamazana. Zikalata za kampani ya Sony zomwe zidaonekera pa mlandu wina ku America mu 2023 zidasonyeza kuti magemu ake awiri, The Last of Us Part II ndi Horizon Forbidden West, adadya madola oposa 200 miliyoni iliyonse. Woika ndalama zochuluka chonchi safuna kuyesa mwayi pa dzina losadziwika. Dzina lakale limabwera ndi ogula ake: akuluakulu omwe amalikumbukira, ndi ana awo.

Ubwino ulipo

Sikuti kuukitsa gemu n'kulakwa. Magemu ambiri akale sagwira pa makina a lero, ndipo mwana amene akungoyamba sangatsatire nkhani yomwe yadutsa m'zigawo khumi. Kuyambiranso kumatsegulira khomo osewera atsopano.

Nthawi zina nkhani imakula nzeru. God of War ya mu 2005 idali ya munthu waukali wongofuna kubwezera. Itabweranso mu 2018, munthu yemweyo, Kratos, adaoneka ngati bambo wofedwa mkazi amene akuphunzira kulera mwana wake wamwamuna ndi kuugwira mtima. Gemuyi idasankhidwa kukhala yopambana m'chakacho pa mphoto za The Game Awards. Komabe idakali ya akuluakulu, chifukwa kuphana kudakalimo.

Ubwino wina ukukhudza anthu aulumali. Magemu ambiri opangidwa lero amalola kukulitsa zilembo, kusintha mitundu kuti othandizika akhale omwe amavutika kusiyanitsa mitundu ina, komanso kusamutsa mabatani kuti wa dzanja limodzi athe kusewera. God of War Ragnarök ya mu 2022 idabwera ndi njira zotere zoposa 70. Makina a lero monga PlayStation, Xbox ndi Nintendo Switch alinso ndi malo pomwe kholo lingaike malire a nthawi yosewera ndi a zogula, zomwe kale kudalibe.

Zaka zoyenera zimasintha

Vuto loyamba ndi la msinkhu. Ku America, bungwe la ESRB ndilo limaika zizindikiro za zaka pa magemu. Lidakhazikitsidwa mu 1994, aphungu a nyumba ya Senate atadandaula ndi magazi omwe ankaoneka m'magemu ngati Mortal Kombat. Tomb Raider yoyamba idapatsidwa chizindikiro cha T, kutanthauza zaka 13 kupita m'tsogolo. Ya mu 2013 idapatsidwa M, ya zaka 17 kupita m'tsogolo, ndipo ku Ulaya bungwe la PEGI lidaiika pa zaka 18. Mortal Kombat ya mu 2011 idakanizidwa kugulitsidwa ku Australia itangotuluka, chifukwa cha nkhanza zake.

Kusiyana kwagona pa zithunzi. Magazi a mu 1992 adali timadontho tofiira. A lero amaoneka ngati a munthu weniweni, pamodzi ndi kulira ndi kuthyoka kwa mafupa. Apa tisakokomeze: mu 2020 bungwe la akatswiri a za maganizo la American Psychological Association lidati palibe umboni wokwanira wakuti magemu ndiwo amachititsa anthu kupalamula milandu ya chiwawa, ngakhale pali kugwirizana pang'ono ndi khalidwe la ndewu monga kukalipa ndi kukankhana. Koma mwana wa zaka zisanu ndi zitatu akaona zithunzi zopangira akuluakulu, mantha ndi maloto oipa zokha ndi zifukwa zokwanira zomuletsera.

Gemu yomwe simaliza kuigula

Kale munthu ankagula gemu kamodzi n'kuthana nazo. Magemu ambiri oukitsidwa amapitiriza kugulitsa zinthu mkati mwa sewero. Star Wars Battlefront ya mu 2004 idaukitsidwa ndi kampani ya EA mu 2015. Gawo lachiwiri, la mu 2017, lidali ndi timabokosi ta mwayi totchedwa loot box: umalipira osadziwa chomwe upezemo. Osewera adakwiya kwambiri moti EA idayamba yaimitsa malondawa gemuyo ili pafupi kutuluka. Mu 2018 bungwe loona za juga ku Belgium lidagamula kuti timabokosi totere m'magemu ena, kuphatikizapo FIFA 18, ndi juga, ndipo chaka chotsatira EA idasiya kugulitsa ndalama za mu FIFA m'dzikomo.

Akatswiri a za ubongo amalidziwa bwino khoka limeneli. Mphoto yomwe imabwera mosadziwika nthawi yake imakoka munthu kubwereza kuposa mphoto yodziwikiratu. Ukalephera kasanu n'kupata kachisanu ndi chimodzi, mtima umati yesanso. Makina a juga amayendera nzeru yomweyi. Mbali ya ubongo yomwe imathandiza munthu kudziletsa imakhwima mochedwa, munthu atapitirira zaka 20, n'chifukwa chake ana amagwa msanga.

Mawu akuti "yaulere" nawonso afunika kuwasamala. eFootball imatsitsidwa popanda kulipira, pa foni pomwe, koma mkatimo muli zogula za ndalama zenizeni. Idatulukanso ndi zolakwika zambiri mu 2021 mpaka Konami idapepesa. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Gemu yopanda mapeto

Gemu yakale inkatha: ukafika kumapeto, umazimitsa. Zambiri za lero zimadalira intaneti ndipo zimapereka mphoto tsiku ndi tsiku kuti wosewera asajombe. SimCity, gemu yomanga mizinda ya mu 1989, itaukitsidwa mu 2013 inkafuna intaneti nthawi zonse ngakhale munthu akusewera yekha. Makompyuta a kampaniyo atalephera kupirira kuchuluka kwa anthu, ogula ambiri adakhala masiku osasewera zomwe adalipira. Kuno kwathu, gemu yotere ndi bandulo yosatha. Intaneti imalowetsanso alendo m'nyumba, chifukwa mwana amatha kulankhula ndi anthu omwe kholo silikuwadziwa.

Mu 2019 maiko a m'bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO adavomereza kuti chizolowezi choipa cha magemu chilowe m'ndandanda wa matenda wa ICD-11, womwe udayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022. Zizindikiro zake ndi zitatu: kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zina zonse, ndi kupitiriza ngakhale zikuononga sukulu, ntchito kapena ubale. Kawirikawiri izi zimayenera kuoneka kwa miyezi 12 kuti achipatala anene kuti ndi matenda. WHO imanenetsa kuti ndi osewera ochepa okha omwe amafika pamenepa, choncho si mwana aliyense wokonda gemu amene akudwala.

Zoyenera kuchita

Musanavomere, onani chizindikiro cha zaka pa gemu yomwe mwana akufunayo, osati ya m'mutu mwanu. Za PEGI ndi manambala 3, 7, 12, 16 ndi 18. Zina mwa za ESRB ndi E, E10+, T ndi M. Kuyambira mu 2020 mabungwe onse awiri amalembanso ngati mkatimo muli zogula za mwayi. Magemu okopedwa pa fulashi alibe chikuto, ndiye funsani dzina ndi chaka chake n'kufufuza. Musasiye khadi ya kubanki kapena nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni pomwe mwana angaipeze. Khalani naye pansi museweretu limodzi kwa theka la ola. Mudzaona zambiri kuposa zomwe angakuuzeni.

Kwa alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka m'midzi ndi m'matauni, funso lothandiza si lakuti mwana amasewera maola angati okha. Funsani ngati akugona mokwanira, akudya ndi anzake, akupita kusukulu, komanso ngati akuthamangathamanga kwa mphindi 60 pa tsiku monga WHO imalangizira ana a zaka 5 mpaka 17. Ngati wayamba kujomba, kuba ndalama za bandulo kapena kulusa akalandidwa foni, ndipo izi zikupitirira, banjalo lilangizidwe kukaonana ndi achipatala.

Makampani sasiya kuukitsa mayina akale, chifukwa amagulitsa. Ena mwa magemuwa ndi abwinodi kuposa oyamba aja. Koma amene adasewera Tomb Raider mu 1996 asaganize kuti akudziwa ya mu 2013. Aione kaye asanaipereke kwa mwana.