Tayala lalikulu silipambanitsa lokha

Pa mpikisano wa drag racing, galimoto ziwiri zimaima pamzere, nyali yobiriwira n'kuyaka, ndipo pakatha masekondi ochepa wopambana wadziwika. Ambiri amatamanda injini, koma amakaniko a ku America amayamba ayang'ana nthawi imene galimoto yatenga pa mafiti 60 oyambirira, pafupifupi mamita 18. Pamenepo nkhani yonse ndi ya matayala a kumbuyo.

Galimoto za Top Fuel za bungwe la NHRA zimavala matayala a Goodyear otalika mainchi 36, otambalala mainchi 17.5, osalala opanda mizere. Amawapopa mpweya wochepa kwambiri, wosafika mapaundi 10, pomwe galimoto wamba imafuna oposa 30. Ponyamuka, khoma la tayala limachita makwinya, tayalalo n'kuphwathalala ndi kugwira pansi malo aakulu. Liwiro likakwera limatalika n'kuwonda, ndipo poti galimotozi zilibe magiya osintha, kutalikako kumagwira ntchito ya giya yapamwamba. Ndi matayala otere woyendetsa galimoto Brittany Force anatha mafiti 1,000 m'masekondi 3.623 pa bwalo la Maple Grove mu 2019. Injini ya mphamvu za akavalo pafupifupi 11,000 imafunikadi tayala lotero.

Vuto limabwera pamene mwini galimoto ya mphamvu zochepa akopeka n'kugula tayala lalikulu poganiza kuti kukula ndiko liwiro. Tayala lalikulu ndi lolemera, ndipo injini iyenera kulizunguza lisanakankhe galimoto. Kuchoka pa tayala la mainchi 26 kupita pa la mainchi 28 kumawonjezera mtunda wa kuzungulira kumodzi ndi pafupifupi 8 peresenti. N'chimodzimodzi kunyamuka panjinga ndi giya yolimba: mwendo ukakhala wofooka, njingayo imachedwa kudzuka. Amene wasintha tayala osasinthanso magiya a kumbuyo nthawi zambiri amapeza kuti galimoto yake yayamba ulesi ponyamuka. Komabe tayala lalitali lili ndi ubwino umene ambiri sauona, chifukwa malo amene limagwira pansi amatalika cham'tsogolo, komwe galimoto ikulowera, ndipo silifulumira kupalasa.

Umboni wamphamvu woti tayala lalikulu silipambanitsa lokha uli ku bwalo la South Georgia Motorsports Park, kumene wokonza mipikisano Donald Long anatchukitsa mipikisano ya Lights Out ndi No Mercy. Kumeneko galimoto za mphamvu za akavalo masauzande zimathamanga pa matayala a radial otambalala mamilimita 275 kapena 315 okha, ndipo za m'gulu la Radial vs. the World zimatha mamita 201 pasanakwane masekondi anayi. Chinsinsi chake ndi guluu amene amapopera pamsewu, mashokapu ochunidwa mwaluso, ndi kompyuta imene imatulutsa mphamvu za injini pang'onopang'ono kuti tayala lisaterereke. Radial ikagwira imathamanga kuposa tayala losalala la msinkhu womwewo chifukwa khoma lake lolimba silimwaza mphamvu. Ikangoterereka pang'ono, mpikisano wathera pomwepo mu utsi. Tayala losalala limakhululuka, lingapalase pang'ono n'kugwiranso, n'chifukwa chake limalamulirabe pa mipikisano ya no prep, kumene okonza mpikisano sapopera guluu pamsewu.

Wolemba ndime ino ali kumbali ya magulu a matayala ang'onoang'ono monga X275, ndipo amafuna atachuluka. Lamulo likachepetsa tayala, mwini ndalama sangangowonjezera mphamvu n'kupambana, pakuti mphamvu zopitirira zimene tayala lingasenze zimangosanduka utsi. Wopambana ndi makaniko amene wawerenga bwino kutentha kwa msewu masana amenewo, wachotsa mpweya theka la paundi, n'kuchuna kanyamukidwe ka galimoto mogwirizana ndi mmene guluu wagwirira. Okonza mipikisano asamafewetse malamulo a matayala m'magulu amenewa ngakhale eni galimoto zamphamvu atadandaula chotani.