Mukamathandiza ovutika, vulani ubwana



Ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa kufupi ndi Makawa kuno ku Mangochi. Dzina ndasunga monga mwa nthawi zonse. Akuti amuna awo Mulungu adawadalitsa: ali ndi maboti awiri a injini, golosale pamsewu komanso lole yotengera usipa ku Lilongwe. Mvula yamkuntho itagwetsa nyumba m'mudzi mwawo, bambowo adagula matumba a ufa n'kuitanira anthu pakhonde la golosale. Adawafoletsa padzuwa, aliyense polandira amajambulidwa, zithunzi n'kupita pa Facebook. Pamzerepo padali azakhali awo a mayiyu. Chilandirireni ufawo sadapondenso pakhomo pawo. Tsono akufunsa kuti: “Gogo, ndiwauze bwanji bambo akunyumba kuti anthu akudandaula pomwe iwo akuona kuti adachita bwino?”

Mwanangu, tiyambe n'kunena chilungamo. Amuna akowo adachita bwino kugula ufa. Alipo ambiri andalama kuposa iwo amene adangotseka geti. Pomwe padalakwika ndi pakaperekedwe.

Ine ndagwira unamwino mpaka kupuma. Chinthu chimodzi chimene adatiphunzitsa tisadagwire n'komwe jekeseni n'chakuti wodwala akamavula kuti umupime, uyambe watseka katani. Sudikira kuti apemphe ayi. Munthu akadwala amakhala wataya kale zambiri, ndiye ulemu wotsalawo umusungire. Amene nyumba yamugwera ali chimodzimodzi. Madzi amuvula. Dzulo amadya zake, lero akutambasula manja kwa mkamwini. Ukamuimika pamzere n'kumuloza kamera, watsegula katani uja anthu onse akuona. Ufawo adya ndithu chifukwa njala ilibe manyazi, koma mtima sudzaiwala.

Ife a m'mbali mwa nyanja ndife oyenera kudziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Mu January 2015, Mangochi lidali limodzi mwa maboma 15 amene boma lidalengeza kuti agweredwa ngozi ya madzi osefukira. Mu March 2023 namondwe Freddy adasakaza chigawo cha kummwera, anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 adathawa m'nyumba zawo. Mu 2024 nyanja idakwera n'kulowa m'malo ogona alendo a mamiliyoni ankhaninkhani, monga momwe idalowera m'zisakasa ndi m'mathandala a asodzi. Madzi sadafunse kuti mwini wake ndani. Akuluakulu adanena kale: chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Boti la injini limamira tsiku limodzi la mwera. Amene mwamufoletsa lero ndi yemwe adzakupalasireni bwato tsiku limenelo.

Sindikunena kuti munthu wabizinesi azibisa chuma chake kapena achite manyazi kuti zake zidayenda. Tili nawo anthu m'dziko muno amene adalemera koma osaiwala kwawo. Ambiri mudamvapo za a Napoleon Dzombe a ku Dowa. Pa njala ya 2002 adatenga chuma chawo kudyetsa anthu. Njala itadutsa sadalekere pomwepo. Chipatala cha Blessings ku Lumbadzi ndi ntchito ya manja awo, komanso sukulu ya ku Mtalimanja kumene mabanja amakaphunzira ulimi woti azidzidyetsa okha. Ine chimene ndimatolapo n'chakuti wothandiza weniweni amaganiza zoti wothandizidwayo adzaime payekha, asadzabwerenso pamzere.

Tsono kwa inu nonse amene muli ndi kangachepe, kaya golosale, kaya minibasi, kaya mumangogulitsa kanyenya pamsika, nawa malangizo anga.

Choyamba, pitani nokha kumene kuli ovutikawo. Khalani pansi pamphasa, perekani moni, pepesani monga timachitira pamaliro. Galimoto isiyeni patali.

Chachiwiri, funsani musadagule. Ife timathamangira ufa, koma m'misasa ya anthu othawa madzi mumasowa zina zimene amayi sanganene pagulu: sopo, zitenje, mapadi a atsikana, chidebe chokhala ndi chivindikiro, neti yoteteza udzudzu. Madzi akasefukira zimbudzi zimagwa, zitsime zimaipa. Mukukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023 imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Mankhwala a klorini othira m'madzi ndi mapaketi a Thanzi ndi zotsika mtengo koma zimapulumutsa ana. Paketi imodzi ya Thanzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo.

Chachitatu, kumbukirani odwala. Madzi amakokolola mabuku a kuchipatala pamodzi ndi mankhwala. Alipo amene amamwa ma ARV, a TB, a shuga ndi a BP, komanso amayi oyembekezera. Ameneyo sangakuuzeni pamzere. Mukamupatsa malo m'galimoto yanu kupita kuchipatala mwakachetechete, mwachita chachikulu kuposa thumba la ufa.

Chachinayi, dzerani kwa mfumu ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, kapena a Red Cross ngati alipo. Amenewa ndiwo amadziwa nkhalamba imene singathe kuyenda kudzafola. Pamzere amafika ndi amphamvu okha.

Chachisanu, za zithunzi. Ngati ndalamazo mudasonkha kwa anzanu ndipo mukuyenera kuonetsa kuti katundu adafika, jambulani katunduyo ndi kusunga malisiti. Nkhope ya munthu musajambule musadamupemphe, ndipo dziwani kuti munthu wanjala savuta kuvomera. Mwana wa eni ndiye musayerekeze.

Tibwerere kwa iwe mwanangu wa kalata. Nkhaniyi usakayambe pagulu kapena pamaso pa antchito. Dikira madzulo adye kaye. Yamba n'kuthokoza kuti adakumbukira mudzi. Kenako unene za iwe mwini: “Bambo, mtima wanga ukundiwawa, azakhali sakubweranso kuno.” Usakanene kuti ndi odzikonda, pakuti mwamuna ukamuchita manyazi amaumitsa khosi. Uwapemphe kuti mupite limodzi kwa azakhaliwo, wapansi, mutanyamula malata angapo kapena nsungwi zokonzera nyumba, foni ili m'thumba. Zithunzi zija azichotse. Akakana, nkhaniyo ipite kwa ankhoswe, chifukwa ikukhudza chibale, si yaing'ono. Koma ine ndikuona kuti munthu amene adatulutsa ndalama zake kugula ufa mtima ali nawo, akungosowa womukumbutsa.

Makolo nanunso, ana akukuonani. Mwana amene waona bambo ake akukalipira nkhalamba pamzere adzachita zomwezo kwa inu mukadzakalamba. Mutengeni mwanayo pokapereka. Anyamule yekha chidebe, agwade popereka monga amagwadira polandira. Kaya mumapemphera Lachisanu kumzikiti kaya Lamulungu kutchalitchi, konse amatiphunzitsa kuti sadaka ndi chopereka sizilira ng'oma.

Nyengo ya mvula isadafike, khalani pansi awiri m'nyumbamo mugwirizane kangachepe koika padera ka anzathu amene adzagweredwe. Kupatsa n'kuika.

 Pitirizani kundilembera, tidzakumanenso Lamulungu likudzali.

Ndine wanu,
Gogo Namwino