Mphamvu za Pulezidenti Zili ndi Malire

Pa 1 Januwale 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati ku America, Pulezidenti Abraham Lincoln analengeza kuti akapolo amasulidwe. Chilengezocho chinakhudza zigawo zoukira boma zokha, popeza Lincoln anachipereka ngati mkulu wa asilikali pa nthawi ya nkhondo. Ku Kentucky ndi ku Delaware, kumene sikunaukire, anthu anakhalabe akapolo, pakuti Pulezidenti analibe mphamvu zowamasula.

Ukapolo unathetsedwa m'dziko lonselo mu Disembala 1865, zigawo zitavomereza kusintha kwa nambala 13 kwa malamulo oyendetsera dziko. Apa n'kuti Lincoln ataphedwa kale mu Epulo.

Mtsogoleri amapita, koma lamulo lolembedwa limatsala. N'chifukwa chake ufulu wa anthu uyenera kulembedwa m'malamulo a dziko.